Mlandu wa Njerwa Yopanda Nkhope

Ufumu wa Tidzaona ndi dziko labwino ndithu, la mapiri ndi madambo, la anthu oseka msanga ndi ochedwa kukwiya. Likulu lake ndi mzinda wa Mawamawa, kumene ntchito iliyonse ya boma imatsegulidwa ndi gule n'kuthera pa gule yemweyo. Pa nthawi ya nkhani yathuyi pampando panali Mfumu Kalilole Wachitatu, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti nkhope yake ankaikonda mopitirira muyezo.

Nkhope imeneyi inali ndi lamulo lakelake. Kalekale agogo ake a mfumuyi, Kalilole Woyamba, anapeza mayi wina kumtsinje akumenyetsa pamwala chitenje chokhala ndi chithunzi chawo. Mayiyo ankangochapa, koma mfumu inamva kupweteka m'masaya, ndipo tsiku lomwelo inakhazikitsa Lamulo la Nkhope Youma, loti chinthu chilichonse chokhala ndi nkhope ya mfumu chisakhudze madzi. Chiyambire pamenepo zitenje za ufumu sizichapidwa, moti pamsonkhano wa boma mphuno ndi imene imayamba kudziwa kuti ovina afika. Mvula ikagwa mwadzidzidzi anthu amavula chitenje, kuchipinda, kuchibisa m'khwapa, n'kumanyowa okha mwaulemu. Boti la boma limene analijambula nkhope ya mfumu kutsogolo lakhala pamtunda zaka khumi ndi ziwiri, ndipo nkhuku zimaikiramo mazira.

Akuluakulu a boma sanachedwe kuona ubwino wa lamuloli. Denga la ofesi likayamba kudontha, amangopachikapo chithunzi cha mfumu, ndipo kuyambira tsiku limenelo wonena kuti denga likudontha ndiye kuti akunena kuti mfumu yanyowa. N'chifukwa chake ku Tidzaona kulibe denga la boma lodontha, ngakhale alembi amagwira ntchito atavala majombo.

Tsono ufumuwu unali ndi mgodi wa mwala wa yureniyamu, komanso nyumba yaikulu yopangira magetsi kuchokera ku mwalawo. Magetsiwo ankayaka Lachiwiri ndi Loweruka, koma zotsalira zake sizinkajomba tsiku. Anthu ankazitcha phulusa lokwiya. Silinunkha, silifuka utsi, koma limatulutsa ukali wosaoneka umene umadwalitsa magazi ndi mafupa, ndipo ukaliwo sutha pa moyo wa munthu, ngakhale wa mdzukulu wa mdzukulu wake. Kwa zaka makumi atatu phulusali ankalisunga m'migolo kuseri kwa nyumba ya magetsi, mpaka migoloyo inayamba kuchita dzimbiri.

Bwalo la nduna linakhala pansi. Nduna ya Chilungamo inati phulusalo lipatsidwe masiku asanu ndi awiri kuti lileke kukwiya, likakana limangidwe. Nduna ya Maubale inati alitumize kwa mfumu yoyandikana nayo ngati mphatso ya ukwati. Pomaliza anaimirira a Zatheka, Nduna ya Zotsalira, munthu amene sanayankhepo funso lililonse ndi mawu oti ayi. Iwo anati phulusalo alisakanize ndi dongo, aumbe njerwa, pa njerwa iliyonse adindepo nkhope ya mfumu, kenako zonse azikwirire m'phiri la Bisani kwa zaka zikwi khumi. Mwamwayi, anatero a Zatheka, mlamu wawo anali ndi uvuni wa njerwa.

Mfumu inawongoka pampando. "Ndiye kuti patapita zaka zikwi khumi anthu adzandionabe?"

"Adzakuonani, Mwinidziko, ngati atakumba."

"Nanga akakumba?"

"Adzafa, Mwinidziko, koma atakuonani."

Mfumu inaona kuti zimenezi n'zomveka, ndipo bwalo linaomba m'manja.

Patsinde pa phiri la Bisani pali kasupe mmodzi, ndipo kasupe ameneyu ndi amene amamwetsa mudzi wa Timwenji, anthu ndi mbuzi zomwe. Kulibe mjigo, kulibe mtsinje wapafupi. M'mudzimo munkakhala Anachanza, mayi woumba mbiya, wamfupi, wa manja olimba, wosadziwa kunong'ona. Mitsuko yawo inkakhalitsa kuposa maukwati ambiri a m'deralo. Madzi okandira dongo, madzi akumwa, madzi amene anasambitsira ana awo asanu, onse ankatunga pakasupe pomwepo.

Lachisanu lina Anachanza ali ndi mbiya zawo pamsika wa Onjezani mumzinda wa Mawamawa, kunafika mneneri wa boma ndi chimkuzamawu chake. Anakwera pathebulo la ogulitsa tomato n'kunyamula m'mwamba njerwa yachitsanzo, yopanda phulusa loopsa lija. Tisanamizane, njerwayo inali yokongola: yofiira, yosalala, yopakidwa utoto wonyezimira, ndipo pakati pake mfumu inkamwetulira.

"Anthu a ku Timwenji mwachita mphumi," anatero mneneriyo. "Mfumu ikubwera kudzakhala m'phiri lanu zaka zikwi khumi."

"Izidzadya kwa yani?" anafunsa bambo wina wogulitsa mbatata.

"Siizidzadya."

"Ndiye ibwere," anatero bamboyo, n'kupitiriza kuunjika mbatata zake.

Anachanza anapempha kuti aigwireko njerwayo. Anaigogoda ndi chala monga amachitira ndi mphika asanaugulitse. Mphika wopsa bwino umalira kuti ngwee, koma njerwa iyi inangoti phu, ngati wagogoda dzungu. Anaikanda kumbuyo ndi chikhadabo, dothi n'kuyoyoka.

"Achimwene, njerwa iyi yangootha moto, sinapse," anatero Anachanza.

"Mayi, mukufuna tiotche nkhope ya mfumu mpaka ide? Timaiphula ikangoyamba kumwetulira."

Kumapeto kwa msikawo, pansi pa mtengo wa mthethe, panali benchi la a Kanjedza okonza mawailesi. Bambo ameneyu kale anali katswiri wamkulu wa zoyezayeza kunyumba ya magetsi, koma anamuchotsa ntchito chifukwa tsiku lina pamaso pa nduna ananena mawu achipongwe oti tiyeni tiyese kaye. Anachanza anasiya mbiya zawo m'manja mwa mnzawo n'kupita kukawafunsa ngati njerwa yosapsa ingasunge chinthu choopsa chotero.

"Anachanza, chidulo mumacheza bwanji?" anafunsa a Kanjedza.

"Mwayamba liti kuphika, a Kanjedza? Timatenga phulusa la zitsononkho, kuika m'chitini choboola, kuthira madzi pamwamba. Madzi akamadontha pansi amakhala atatenga mphamvu yonse ya phulusa."

"Basi, mwamaliza sukulu imene ine ndinatha nayo zaka zisanu ndi ziwiri. Phulusa lokwiya lija lilibe miyendo. Likakhala pansi pa phiri silingabwere lokha kwanu. Wolinyamula ndi madzi. Phiri la Bisani ndi chitini choboola, ndipo kasupe wanu ndi mbale yolandirira pansi."

Anachanza anakhala pa ndowa yovundikira imene inali pomwepo. Anachita mantha, mantha enieni, amene sanawamvepo chiyambire kuikidwa kwa amuna awo. Anaganiza za amayi a m'mudzi mwawo akutunga madzi oyera mbee, osanunkha, osawawa, n'kumakamwetsa ana.

"Nanga palibe njerwa imene ingaligwire?"

"Ilipo. Koma phulusalo lisangokhala m'njerwa ngati mtedza m'thumba. Lisanduke thupi la njerwayo, kuti madzi akafuna kulitenga ayambe asungunula mwala wonse. Pamafunika mchenga wakuda wolemera uja wa m'khwawa, kuupera ukhale ngati ufa, kuutsindira kuti pasatsale timabowo, ndi moto woposa wa mbiya zanu kutalitali. Ukatha zonsezo usakhulupirire maso. Uiviike m'madzi otentha, chifukwa phulusalo limatentha lokha. Uiviikenso m'madzi owawasa, chifukwa madzi ena apansi ndi owawasa. Kenako uone chimene chatulukamo."

"Ndiye aiviike yawoyi tione."

A Kanjedza analoza tsaya lawo. "Ili ndi nkhope, mayi."

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa lake Anachanza anabwereka mivukuto iwiri kwa osula makasu, n'kumanga ng'anjo kuseri kwa nyumba yawo ku Timwenji, ndipo a Kanjedza anatseka benchi lawo n'kubwera ndi kasikelo ndi kope. M'malo mwa phulusa lokwiya, limene munthu sangaligwire ndi manja, ankasakaniza phulusa la zitsononkho, poti nalonso limathawa ndi madzi msanga ndipo mayi aliyense amalizindikira likathawa.

Anthu awiriwa anakangana miyezi iwiri yathunthu. A Kanjedza ankadziwa zoyenera kulowa m'njerwa, koma moto sankaudziwa, ndipo anaphulitsa njerwa khumi ndi imodzi chifukwa cha phuma. Anachanza ankaudziwa moto poyang'ana mtundu wake, koma ankathira mchenga ndi dzanja, ati sikelo ndi ya anthu osakhulupirirana.

"Moto saukankha, a Kanjedza, amaunyengerera," ankatero Anachanza. "N'chifukwa chake simunakwatire."

"Nanunso mukanamayeza zinthu, Anachanza, bwenzi dzulo tisanaumbe chigumu."

Tsiku lina anatsegula ng'anjo atailola kuzizira masiku atatu, n'kupezamo kanthu kakuda bii, kolemera, kokhwinyata mbali imodzi, koipa ngati chitsa chopserera. Anachanza anakagogoda, ndipo kanalira ngati khasu latsopano. A Kanjedza anakagwetsa pamwala, mwala ndi umene unabenthuka. Awiriwo anayang'anana n'kuseka, ndipo aka kanali koyamba kuti agwirizane pa chinthu.

Kunyumba ya mfumu kumakhala Tsiku la Madandaulo kamodzi pamwezi, koma pali mwambo wake. Pamaso pa mfumu sadandaula, amathokoza. Munthu amene mlatho wa kwawo wagwa amati ndabwera kudzathokoza kuti mwatiphunzitsa kusambira, ndipo akuluakulu amamva okha. Anachanza anafika atafukatira njerwa yawo m'nsanza, nagwada pamalo ogwadira, a Kanjedza ali kumbuyo kwawo.

"Mwinidziko, ndabwera kudzathokoza kuti nkhope yanu ikubwera kudzakhala kwathu, m'madzi."

Mfumu inagwira tsaya. "M'madzi?"

A Zatheka anadumpha. "M'phiri la Bisani mulibe madzi, Mwinidziko. Tinalamula kale mwezi watha kuti achokemo."

"Ndikuthokozanso chifukwa cha lamulolo," anatero Anachanza. "Kungoti chimkuzamawu sichifika pansi pa nthaka. Lero m'mawa ndatunga mtsuko wodzadza pakasupe wotuluka m'phiri lomwelo. Paja madzi saiwala khwawa."

"A Zatheka," inatero mfumu pang'onopang'ono, "mukufuna kundiviika zaka zikwi khumi?"

"Utoto wake ndi wolimba, Mwinidziko. Dontho silingalowe."

"Mwayesa?"

"Kuyesa ndi kuphwanya lamulo, Mwinidziko."

Apa Anachanza anavundukula nsanza zija n'kuonetsa njerwa yawo, nati iyi ilibe nkhope, aiviike mmene angafunire, ndipo ngati ya anduna ili yolimba aziviike pamodzi. Nduna ya Chilungamo inakomoka pang'ono poona chinthu chopangidwira ntchito ya boma chopanda nkhope ya mfumu, ndipo itatsitsimuka inalemba mlandu pomwepo. Koma mfumu inali itagwidwa kale ndi nkhawa. Sinkaganiza za kasupe wa Timwenji, tisaipatse ulemu umene sinaupemphe. Inkafuna kudziwa ngati mphuno yake idzafike kwa adzukulu ili yonse.

Bwalo la nduna linakhala masiku atatu kufunafuna njira yoviikira nkhope popanda kuinyowetsa. Tsiku lachitatu Nduna ya Chilungamo inatuluka thukuta lili kamukamu n'kuwerenga chigamulo. Madzi otentha si madzi, koma tiyi amene sanathiridwe masamba. Matsukwa oviikira mphale si madzi, koma m'bale wake wa thobwa. Lamulo la Nkhope Youma silinena kanthu za tiyi kapena thobwa. A Kanjedza atamva izi anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe, chifukwa mwa zaka zawo zonse m'boma aka kanali koyamba kuti bwalo liwapatse zimene ankafuna, ngakhale linachita mosadziwa.

Anaika nkhali zinayi pakati pa msika wa Onjezani, ziwiri za tiyi, ziwiri za m'bale wa thobwa. Njerwa za mbali zonse ziwiri zinali ndi phulusa la zitsononkho lofanana, ndipo zinayenera kukhala m'nkhalimo masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, moto wa pansi pa tiyi osazima. Asilikali awiri ankalondera, a Kanjedza ankabwera m'mawa uliwonse kudzatapa pang'ono ndi chikho n'kulemba m'kope mwawo.

Tsiku lachitatu utoto wa njerwa ya anduna unayamba kutukusira. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, m'nkhali ya matsukwa, mphuno ya mfumu inachoka. Palibe amene ananena kuti yachoka, anthu a ku Tidzaona si ana. Ankangobwera, kusuzumira, kugwedeza mutu mwaulemu n'kumapita.

"Mwaiona bwanji lero, mlamu?" wogulitsa mbatata uja ankafunsa wogulitsa makala.

"Ikupuma bwino. Palibe choitsekereza."

Mneneri wa boma ankabwera masana aliwonse ndi chimkuzamawu kudzalengeza za umoyo wa njerwa. Khutu litagwa anati mfumu yaleka kumvera mabodza. Makwinya a pamphumi atasungunuka anati mfumu ikubwerera ku unyamata, ndipo msika wonse unavomera kuti ikubwereradi, mwina mpaka idutsa.

Amene anaulula zenizeni ndi amayi ophika. Mayi wina wogulitsa ndiwo zophikaphika anasowa soda, napempha msilikali kuti amutapireko tiyi wa m'nkhali ya anduna. Therere lake tsiku limenelo linafewa moti anthu ananyambita mbale. Pofika sabata yachitatu panali mzere wa amayi ndi makapu kuyambira pankhalipo mpaka kokwerera basi, ndipo ogulitsa soda anapita kunyumba ya mfumu kukathokoza kuti awapatsa tchuthi. Wina anayesako tiyi wa m'nkhali ya Anachanza, nabwera mawa lake atakwiya, ati madzi amenewa ndi achabechabe, mulibe kanthu, nkhwani wake wachita kukukuta ngati mbuzi. Anachanza anamupepesa kwambiri, koma mumtima anali akuvina.

Tsiku lomaliza mfumu inabwera yokha pamsika, nduna zili pambuyo, ovina ali patsogolo. Anaiikira mbale ziwiri za nkhwani, wina wophikira tiyi wa anduna, wina wophikira tiyi wa Anachanza. A Kanjedza anayamba kufotokoza kuti ndiwo zofewa zikusonyeza njerwa imene yataya zam'kati mwake, koma mneneri wa boma anawauza kuti mfumu ikamadya munthu sayankhula.

Mfumu inalawa mbale yoyamba, n'kutsinzina. Inalawa yachiwiri, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Iyi ya a Zatheka ndi yokoma," inatero. "Iyi inayi ndi udzu. Njerwa ya a Zatheka yapambana."

Ng'oma zinalira. Miyezi itatu ya utsi m'maso, manja opserera, zonse zinathera pa mbale ya nkhwani. Anayang'ana anthu a ku Timwenji amene anabwera nawo, ndipo onse anali atazolika, chifukwa onse ankadziwa chimene ndiwo zofewazo zinkatanthauza. Amayi ophika aja nawonso anasiya kuseka.

"Tsono nditulutsireni ndidzione," inatero mfumu.

Msilikali anapisa chipande m'nkhali ya anduna n'kuvuula phala lofiira. Anapisanso, navuula phala lina, ndi kachidutswa kamene mwina kanali chibwano. M'nkhali ya Anachanza anatulutsa njerwa yakuda ija ili chimodzimodzi mmene inalowera, kuipa kwake kosachepa ngakhale pang'ono. Mfumu inayang'ana phala lija nthawi yaitali. A Zatheka anayamba kuyang'ana njira yotulukira pamsika, koma paliponse panali anthu.

Tsono apa panali povuta. Mfumu ya ku Tidzaona ikagamula sibweza mawu, ndipo inali itanena kale pamaso pa anthu kuti njerwa ya anduna yapambana. Kunena kuti yalakwa kunali kosatheka. Kukwirira nkhope yake kuti isanduke phala kunalinso kosatheka. Nduna zonse zinayamba kuchita chidwi ndi zala za kumapazi kwawo.

Anachanza anagwada pafumbi. Mawu awo anamveka mpaka kwa ogulitsa makala.

"Mwinidziko, ndabwera kudzathokoza kuti njerwa yanga yagonja. Mwagamula bwino. Ya anduna ndi yopatsa, chimene ili nacho imagawira aliyense, msika wonse ndi mboni. Njerwa yotere siyenera kukwiriridwa kumene kuli chinyezi. Iyenera kukhala kunyumba kwanu, pouma, anthu aziiona. Koma yangayi ndi youmira. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, yakana kupatsako munthu ngakhale kadontho. Ilibe nkhope, ilibe ulemu. Ndikupempha kuti ilangidwe."

Mfumu inawayang'ana. "Chilango chanji, mayi?"

"Muisenzetse nyansi zonse za ufumu uno, Mwinidziko. Phulusa lokwiya lonse lilowe mwa iyo ndi abale ake. Kenako muikwirire pansi penipeni, pomwe munthu sadzaionanso."

A Zatheka anali munthu wa zolakwa zambiri, koma khomo lotseguka ankalidziwa. "Ndi zimene ndimati ndinene, Mwinidziko," anatero mofulumira. "Njerwa yachipongwe chotere isaonenso dzuwa."

Kaya mfumu inamvetsa zonse, kaya inangoona populumukira, olemba mbiri amatsutsanabe mpaka lero. Chimene tikudziwa n'chakuti inaimirira n'kugamula mwaukali. Njerwa za a Zatheka zimangire khoma la m'chipinda chochezera alendo, pansi pa denga losadontha, ndipo a Zatheka alandire mendulo. Njerwa zopanda nkhope zisenze phulusa lokwiya n'kukwiriridwa m'phiri la Bisani zaka zikwi khumi popanda apilo. Anachanza, pokhala mwini mlandu, alangidwe ndi ntchito yoyang'anira ng'anjo zonse mpaka phulusa lithe. A Kanjedza, pokhala wothandizira, abwezedwe kunyumba ya magetsi, akakhale kuseri kwa makoma ochindikala n'kumaviika njerwa zenizeni mu tiyi moyo wawo wonse.

Podutsa pafupi ndi Anachanza kupita kugalimoto, mfumu inaima pang'ono n'kuyankhula motsitsa. "Mayi, njerwa zolangidwazo muzidziotcha mmene munaotchera iyi. Musazichitire chifundo."

"Sindidzazichitira, Mwinidziko."

Munthu wolangidwa ndi mfumu ayenera kuoneka wachisoni, ndiye anthu a ku Timwenji anawaperekeza Anachanza akulira ngati pamaliro, manja ali kunkhongo. Amayi ophika analowa pamzere, wogulitsa mbatata nayenso anatseka malonda. Analira kudutsa msika, analira kudutsa ofesi ya a Zatheka, analira mpaka pa mlonda womaliza wa mzinda. Atangokhota pa chulu cha kumalire, wina anayambitsa nthungululu, ndipo ulendo wonse wotsalawo unali gule wa chioda.

Anafika ku Timwenji dzuwa likadalipo. Anthu atabalalika, Anachanza anatenga mtsuko kupita kukasupe, a Kanjedza n'kuwatsatira ndi kope lawo m'khwapa. Bamboyo sanavine nawo m'njira, ndipo Anachanza anaziona.

"Mwatupa chiyani, a Kanjedza? Mwabwerera pantchito."

"Ndikuganiza, Anachanza. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu si zaka zikwi khumi. Phulusa la zitsononkho silimenya, koma lenileni lija lizidzaimenya njerwa kuchokera m'kati, usana ndi usiku, mpaka thupi lake litatupa. Tiyenera kuyesa zambiri. Mwina tisinthe mchenga, mwina tiwonjezere moto. Ng'anjo zenizeni sizikhala za mivukuto, ndipo simudzagwira dongo ndi manja, muzidzaliona kudzera pagalasi."

"Bola mtundu wa moto uzidzaoneka pagalasipo. Tsono tidzadziwa liti kuti tapambana?"

"Ife sitidzadziwa. Zikadzalephereka, adzadziwa ndi ena, ndipo adzatitukwana. Zikadzatheka, palibe amene adzadziwe chilichonse."

Anachanza anaviika mtsuko pakasupe n'kudikira kuti udzadze. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe mwakachetechete monga mwa masiku onse.

"Ndiye zili bwino," anatero. "Mwana wina adzafika pano ali ndi ludzu, adzamwa, adzapukuta pakamwa, n'kumapita kukasewera osadziwa kuti kunali Nachanza. Ine ndikufuna zimenezo basi."

Anasenza mtsuko wawo, n'kuwauza a Kanjedza kuti mawa alawire, chifukwa makala atha.